Lupanga labwino limachita dzimbiri: kugula ndi kusamala malupanga ofanizira a ku Scotland ndi a Aselote

Lupanga langa loyamba ndinaligula ku Edinburgh, m'kashopu kena kogulitsa zinthu kwa alendo mumsewu wa Royal Mile. Linali lalitali kufika pachifuwa, lonyezimira ngati kalilole. Patangotha masabata atatu ndinatuluka nalo kuseri kwa nyumba, ndikulizunguza kawiri, kenako ndinangomva kuti gwede! Chogwirira chayamba kusewera. Nditamasula chibulunga chakumapeto, ndinapeza kuti mpeni wonsewo unkagwiridwa ndi kachitsulo kowonda ngati msomali, kongowotcherera, ndipo powotcherapo panali patang'aluka kale. Ndikanazunguza kachitatu, chitsulo choposa mita chikanauluka chokha, ndipo kuseri kwa mpanda kunali ana a aneba akusewera.

Zimene ndalemba pansipa ndi zomwe ndikanakonda wina akanandiuza ndisanatulutse ndalama tsiku limenelo.

Choyamba: dziwani lupanga limene mukufanizira

Musanalowe m'shopu, lowani kaye m'myuziyamu. Ku National Museum of Scotland mumzinda wa Edinburgh ndi ku Kelvingrove mumzinda wa Glasgow amalowa ulere, ndipo malupanga enieni ali pamenepo kuseri kwa galasi. Amene ali kutali angaone zithunzi zake pa intaneti. Diso likazolowera chenicheni, chabodza chimadziulula chokha.

A ku Scotland otchuka ndi amitundu iwiri. Pali lalikulu logwira ndi manja awiri, lomwe linkagwiritsidwa ntchito kumapiri a Highlands kuyambira cha m'ma 1400 mpaka m'ma 1600. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 140, kulemera kwake makilogalamu awiri ndi theka kapena kuchepera apo. Mungalidziwe ndi chotchinga dzanja chake: mikono iwiri yopendekera kumpeni, iliyonse yothera pa timphete tinayi tolumikizana ngati duwa. Lachiwiri ndi logwira ndi dzanja limodzi, lokhala ndi kadengu kachitsulo kophimba chibakera chonse, amene ogulitsa amalitchula basket hilt. Ili ndilo limene ankhondo a Jacobite, amene ankafuna kubwezera banja la Stuart pa ufumu wa Britain, anathamanga nalo ku Culloden pa 16 April 1746, tsiku limene anagonjetsedwa pasanathe ola. Pambuyo pa nkhondoyo boma la Britain linakhwimitsa lamulo lolanda zida kwa anthu a ku Highlands, n'kuletsanso zovala zawo.

Dzina lakuti claymore, lochokera ku mawu a chinenero cha Gaelic otanthauza lupanga lalikulu, limasokoneza ambiri. Lero anthu akamva dzinali amaganiza za la manja awiri lija, koma m'zaka za m'ma 1700 linkatchulidwanso pa la kadengu. Ndiye mukamaitanitsa pa intaneti musadalire dzina, onani chithunzi ndi miyeso.

Mukaona dzina lakuti Andrea Ferara litadindidwa pampeni, musadabwe. Mipeni yambiri ya malupanga a ku Scotland inkasulidwa ku Germany, makamaka ku Solingen, ndipo dzina la mmisiri wa ku Italy ameneyu ankangolidinda ngati chizindikiro choti katunduyo ndi wabwino. Amisiri a ku Glasgow ndi ku Stirling, monga Walter Allan, ankapanga madengu okha n'kuvekamo mipeni yochokera kunja. Tinganene kuti kubera dzina pa malupanga sikunayambe dzulo.

Nanga la William Wallace, ngwazi imene inatsogolera anthu a ku Scotland polimbana ndi Angerezi? Lomwe lili ku National Wallace Monument pafupi ndi Stirling ndi lotalika masentimita 163, lolemera pafupifupi makilogalamu atatu. Wallace anapambana nkhondo ya pa mlatho wa Stirling mu 1297 ndipo anaphedwa mu 1305, koma akatswiri ambiri amati kapangidwe ka lupangalo ndi ka zaka zam'tsogolo ndithu. Komanso ambiri amene amagulitsidwa ndi dzina lake satengera la ku Stirling, amatengera la mufilimu ya Braveheart ya mu 1995, lokulungidwa chikopa pamwamba pa chotchinga dzanja. Palibe cholakwa kuligula, bola mudziwe kuti mwagula la filimu.

Kwa Aselote, anthu akale a ku Ulaya amene Azungu amawatchula Celts, nkhani ndi yakale kwambiri. Akatswiri amagawa nthawi yawo pawiri: ya Hallstatt, dzina la malo a ku Austria, kuyambira cha m'ma 800 BC, ndi ya La Tène, kuyambira cha m'ma 450 BC mpaka Aroma atalanda madera awo. La Tène ndi malo a m'mphepete mwa nyanja ya Neuchâtel ku Switzerland, kumene mu 1857 anayamba kuvuula malupanga ambirimbiri m'matope. Malupanga amenewa ndi owongoka, akuthwa konsekonse, opanda chotchinga dzanja chachikulu, ndipo zimake zake zinali za timalata tachitsulo. Palinso ena aafupi okhala ndi chogwirira cha mkuwa chooneka ngati munthu wotambasula manja ndi miyendo, kamutu kali pamwamba. Lokongola kuposa onse amene ndinaonapo ndi la ku Kirkburn, lofukulidwa ku Yorkshire mu 1987, lomwe lili ku British Museum: chogwirira chake chokha chili ndi tizidutswa 37 ta chitsulo, mkuwa ndi nyanga, tokongoletsedwa ndi galasi lofiira.

Apa pali msampha umene umakola ambiri. Zogwirira za malupanga ambiri a La Tène zinali za mtengo, fupa kapena nyanga, ndipo zinaola kalekale. Choncho chogwirira cha lofanizira nthawi zambiri ndi maganizo a mmisiri chabe. Ndipo mukaona lupanga lodzaza ndi zojambula za mfundo zolukanalukana n'kulembedwa kuti ndi la Aselote, dziwani kuti luso la mfundo limenelo linafala ku Ireland ndi ku Scotland nthawi ya Chikhristu, cha m'ma 600 ndi 700 AD, patapita zaka mazanamazana eni malupanga aja atafa.

Malangizo anga: sankhani mtundu umodzi ndi kuyamba nawo. Amene amagula chilichonse chomusangalatsa amathera ndi khoma lodzaza, lopanda nkhani.

Chachiwiri: funsani za chitsulo

Malupanga ofanizira ali m'magulu atatu. Pali ongopachika pakhoma, pali obuntha ochitira masewero a nkhondo zakale, omwe m'mphepete mwake ndi mokhuthala mamilimita awiri kapena atatu ndipo nsonga yake ndi yoburungidwa, ndiye pali akuthwa opangidwa monga ankapangira enieni.

Chosiyanitsa chachikulu ndi chitsulo. Ongopachika ambiri ndi a stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chimene mumaona manambala 420 kapena 440 atalembedwa pampeni. Pa mpeni wa kukhitchini chitsulochi n'chabwino zedi. Koma chikatalika kufika pa msinkhu wa lupanga chimakhala chosachedwa kuthyoka, ndipo sichipinda kuti muchenjere, chimangoduka phwa! Labwino limapangidwa ndi carbon steel, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito yake amakuuzani nambala: 1060, 1075, 1095, 5160, 9260 kapena EN45. Zitatu zomalizazi ndi za mtundu wa chitsulo cha masipuling'i a galimoto, chomwe chimapinda n'kubwerera. Amene anaonapo osula akupanga nkhwangwa ndi chitsulo cha sipuling'i yakutha adziwa chifukwa chake amachikonda.

Funsaninso ngati mpeniwo unakhwimitsidwa ndi moto n'kufewetsedwanso pang'ono. Kulimba kwake amakuyeza ndi nambala ya HRC, ndipo pa lupanga la ku Ulaya imakhala cha m'ma 50 kapena kupitirira pang'ono. Wogulitsa akamangobwereza mawu akuti battle ready, kutanthauza lokonzeka kumenyera nkhondo, koma osatchula chitsulo kapena kulimba kwake, tulukani. Mawu amenewo aliyense atha kulemba pa katoni.

Ena amati yesani ndi maginito. Musataye nthawi, pakuti stainless steel wa 420 ndi 440 amakokanso maginito.

Chodabwitsa n'chakuti lupanga limene lingakuvuteni ndi dzimbiri ndilo labwinolo. Lonyezimira chaka ndi chaka popanda kulipukuta, kawirikawiri ndilo losayenera kulizunguza.

Chachitatu: msuka

Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa kuti mphamvu yake ili pa msuka, kachitsulo kolowa mu mpini kaja. Lupanga ndi chimodzimodzi. Msuka wake uyenera kukhala chitsulo chimodzi ndi mpeni, wotambalala poyambira, wocheperachepera mpaka kutulukira kuseri kwa chibulunga chakumapeto. Akale ankasula nsonga yotulukayo ndi nyundo mpaka itaphwatalala n'kutseka zonse pamodzi. Ena lero amaikapo mazinga ndi nati. Zimenezo si zoipa ngati mazingawo adulidwa pa msuka weniweniwo, osati pa kawaya kowotcherera monga kanga kaja.

Vuto ndi loti msuka suoneka. Ndiye chitani izi. Pemphani chithunzi cha lupangalo litamasulidwa; opanga odziwika monga Albion wa ku America, Del Tin wa ku Italy, Hanwei wa ku China, Windlass wa ku India ndi Armour Class wa ku Scotland komweko, malupanga awo anthu anawamasula kale n'kuika zithunzi pa intaneti. Ngati lili m'manja mwanu, gwirani chogwirira n'kumenya chibulunga chakumapeto ndi chikhatho. Lomangidwa bwino limangonjenjemera mwakachetechete. Likamalira gwedegwede, pali posakwana. Kenako liyang'aneni mopenyetsetsa kuchokera ku chogwirira kulunjika kunsonga, ngati mmene kalipentala amaonera thabwa, kuti muone ngati ndi lowongoka. Yang'ananinso makulidwe a mpeni: pafupi ndi dzanja ukhale wokhuthala, uzipyapyala kupita kunsonga. Wokhuthala mofanana ponseponse ndi chitsulo chongodula ku lata, ndipo m'manja chimamveka ngati chitsulo cha geti.

Mukhale ndi sikelo. La kadengu lolemera kuposa kilogalamu imodzi ndi theka ndi lonenepa mopitirira; la manja awiri loposa makilogalamu atatu, chimodzimodzi. Nkhani yakuti malupanga akale ankalemera ngati thumba la simenti ndi nthano chabe.

Za mtengo, ndingoti la carbon steel lomangidwa bwino silipezeka pa ndalama imene mungadyere nkhomaliro anthu awiri mu Edinburgh. Kuli bwino kusunga miyezi ingapo n'kugula limodzi kusiyana n'kugula anayi ofanana ndi langa loyamba.

Chachinayi: malamulo ndi mayendedwe

Ku Britain sagulitsa lupanga kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kuyenda nalo pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu. Kampeni kakang'ono ka sgian-dubh, kamene amatsomeka mu sokosi, malamulo amakalola ukavala zovala zamtundu wa Scotland, koma chilolezo chimenecho si cha claymore m'basi. Malupanga okhota a masentimita 50 kapena kuposa ali ndi malamulo ake okhwima, ngakhale kuti amene tikukamba pano ambiri ndi owongoka. Ku South Africa kuli lamulo la Dangerous Weapons Act la mu 2013. Ponyamula, likulungeni, liikeni m'katoni kapena m'chikwama chotseka, m'buti ya galimoto, lisiti ili m'thumba.

Amene akufuna kupita nalo kumudzi ku Malawi, ayambe wafunsa kampani ya ndege, a MRA ndi apolisi asanagule. M'ndege limayenda m'katundu wapansi basi.

Chachisanu: tsiku limene lafika

Lidzafika lopakidwa girizi wokhuthala, nthawi zina lokulungidwa pulasitiki. Girizi ameneyo ndi wa paulendo, osati wokhalitsa, ndipo pulasitiki imasunga chinyezi. Chotsani zonse. Goneketsani lupanga patebulo pamwamba pa thaulo lakale, nsonga iloze kukhoma. Nyowetsani kansalu ka thonje ndi sipiriti, pukutani kuchokera ku chogwirira kupita kunsonga, dzanja lili pamwamba pa mpeni, zala zisazungulire kukuthwa. Bwerezani ndi nsalu ina mpaka isadenso. Dikirani mphindi zingapo kuti liume.

Tsopano mafuta. Apa anthu amakangana ngati nkhani ya mpira, koma zoona zake n'zosavuta. Mafuta opepuka a mineral oil ndi okwanira, ndipo mafuta a makina osokera, amene telala aliyense ali nawo, amagwira bwino ntchito yomweyo. Madontho anayi kapena asanu pa kansalu akwana mpeni wonse. Mpeni uzingooneka wonyowa pang'ono mukaupendeketsa ku kuwala. Mafuta akamayenderera ndiye kuti mwachulutsa, ndipo adzakoka fumbi, fumbi n'kukoka chinyezi. Musaiwale chotchinga dzanja, chibulunga, ndi m'kati mwa kadengu. Kumeneko kathonje kotokosera m'khutu kamathandiza.

Mafuta ophikira ayi. Amasasa, n'kuuma ngati ulimbo, ndipo kuwachotsa ndi ntchito ya tsiku lonse. WD-40, mankhwala opopera pa zitsulo aja, ndi wabwino pothamangitsa madzi lupanga likanyowa, koma sakhalitsa, ndiye pambuyo pake pakani mafuta enieni.

Ngati lupangalo ndi longoonetsa, phula limaposa mafuta. Lodziwika kwambiri ndi Renaissance Wax, limene linapangidwa koyamba ndi akatswiri a ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Mumapaka pang'ono kwambiri pa chitsulo choyera, chopanda mafuta, n'kupukuta ndi nsalu yofewa mpaka chiwale. Silimata fumbi ndipo limatha miyezi yambiri. Koma sankhani chimodzi: phula pamwamba pa mafuta siligwira.

Chachisanu ndi chimodzi: posungira

Ambiri amaganiza kuti malo a lupanga ndi m'chimake. Kwa tsiku limodzi kapena awiri, inde. Kwa miyezi, ayi, makamaka chimake chachikopa. Chikopa chimamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo mankhwala ofufutira zikopa amadya chitsulo. Mudzalisolola patapita nyengo n'kupeza mawangamawanga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sungani lupanga palokha, chimake pachokha, chogonekedwa kuti chisapindike.

Pakhoma, liikeni chopingasa pa zokowera zamatabwa kapena zachitsulo zokutidwa ndi nsalu, zokhomedwa ndi masikuluwu olowa bwino. Pewani khoma lakunja limene limazizira n'kuchita thukuta, pewani kukhitchini ndi pafupi ndi bafa. Pamwamba pa malo osonkhapo moto amaoneka bwino m'zithunzi, koma kutentha kumaumitsa mtengo wa chogwirira n'kuchikhwefula. Ngati muli ndi kabati yagalasi, ponyanimo timapaketi ta silica gel, timene timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano, ndipo muzitisintha.

Nyumba zakale za ku Glasgow zimasunga chinyontho chaka chonse, ndiye ine ndimapukuta ndi kupaka mafuta mwezi uliwonse. Kumalo kouma miyezi itatu iliyonse ikwana. Amene adzalisunge ku Malawi achenjere ndi nyengo ya dzinja, ndiponso chiperoni cha ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. M'mphepete mwa nyanja monga ku Nkhata Bay aziliyendera sabata ziwiri zilizonse. Likhale pamwamba poti mwana sangafike ngakhale atakwera pampando, ndipo lakuthwa likhale lokiyidwa.

Dzimbiri likagwira

Lidzagwira ndithu, musadzione ngati mwalephera. Chofunika ndi kusiyanitsa. Dzimbiri lofiira, lothothoka ngati ufa, ndi lamoyo, likudya chitsulo, lichotseni lero lomwe. Mawanga akuda kapena otuwa osalala ndi chipsera chabe, sakupitirira.

Yambani ndi chofewa. Donthezani mafuta pamalopo, siyani ola limodzi, pukutani ndi nsalu yokhakhala. Likakana, tengani steel wool wosalala kwambiri, wa nambala 0000, osati wokwechera mapoto, mum'nyowetse ndi mafuta, mukweche motsata kutalika kwa mpeni. Musazungulize, pakuti mizere yozungulira imaoneka kutali ngati zipsera za mphini. Mukamaliza, mankhwala opukutira zitsulo monga Autosol amabwezeretsa kuwala. Pukutani ndi sipiriti, pakani mafuta. Dzimbiri lokumba maenje limafuna sandipepa wamadzi, kuyambira nambala 600 kukwera mpaka 1500 kapena 2000, wokulunga pa kathabwa, ndipo muyenera kukwecha mbali yonse kuti pasakhale chigamba chowala chokha. Galayindala musayerekeze. Imatenthetsa chitsulo n'kuchifewetsa, ndipo chimene yadya sichibwerera.

Zonsezi ndi za malupanga ofanizira okha. Mukapeza mwayi wa lakale lenileni, musalikweche ngakhale pang'ono. Kuda kwakeko ndiye mtengo wake. Lipititseni kwa katswiri wosamala zinthu zakale.

Mkuwa, mtengo, chikopa ndi nsalu

Malupanga a Aselote ali ndi mkuwa wambiri. Ukada pang'onopang'ono n'kukhala wofiirira, ine ndimausiya, chifukwa umakongola kuposa wowala ngati belu la sukulu. Chochotsa ndi zobiriwira ngati ndere zimene zimamera pamene mkuwa wakhudzana ndi chikopa. Zitokoseni ndi kamtengo kotokosera mano, pukutani ndi sipiriti, pakani phula. Mukafuna kugwiritsa ntchito Brasso, polishi ya mkuwa, isakhudze chikopa kapena mtengo, ndipo musaisiye youma m'ming'alu.

Chogwirira cha mtengo chimafuna madontho ochepa a linseed oil, mafuta opaka matabwa, kamodzi pachaka. Nsanza imene mwapakira mafuta amenewa musaiunjike mubini, imatha kuyaka yokha. Iyanikeni panja yotambasula mpaka iume. Chikopa chipakeni mafuta a zikopa opanda mtundu, pang'ono chabe. Zogwirira zambiri za malupanga a kadengu zimakutidwa ndi chikopa cha nsomba chokhakhala, chomangidwa ndi waya wopota. Chimenecho chimangofuna mswachi wouma. Kansalu kofiira ka m'kati mwa dengu kasakhudzidwe ndi mafuta, chifukwa banga lake silichoka.

Khalaninso ndi kope. Lupanga lililonse likhale ndi tsamba lake: wopanga, chitsulo, kutalika, kulemera, tsiku logula, mtengo, lakale limene likufanizira, ndi tsiku lomaliza kupaka mafuta. Tsiku lina mukadzafuna kugulitsa kapena kufotokozera wapolisi, kope limenelo lidzakuyankhulirani.

Alendo

Mdani wamkulu wa lupanga si mvula, ndi chala cha munthu. Thukuta lili ndi mchere, ndipo pa carbon steel chidindo cha chala chimatha kusanduka dzimbiri usiku umodzi wokha. Mlendo aliyense akaona lupanga amachita chinthu chimodzi: kuyesa kuthwa kwake ndi chala chachikulu. Ndiye muzilitsitsa nokha, muzilipereka chogwirira chili kutsogolo, nsonga yoloza pansi, n'kunena poyera kuti chitsulocho sagwira. Pambali pakhale magolovesi a thonje ndi kansalu ka mafuta. Tsiku la phwando, pamene mabotolo ayamba kuchuluka patebulo, malupanga asatsike n'komwe.

Amalume anga atabwera kudzacheza, ndinachita manyazi kuwaletsa. Analigwira la kadengu ndi manja awiri pampeni penipeni, n'kuligwedezera mutu. «Mphwanga, chikwanje chako n'chokongola, koma ku dimba sichingathandize.» Tinaseka, tinadya nsima, ndipo ine ndinaiwala kupukuta. Patapita masiku anayi ndinapeza zala zawo zisanu ndi zitatu zitajambulika pachitsulo, zofiira, mizere yake yonse ikuoneka bwinobwino. Zisanu ndi ziwiri zinachoka ndi mafuta ndi steel wool. Chimodzi, pafupi ndi dengu, chinali chitalowa kale, ndipo chilipo mpaka lero.